Mbiri Imene a Loveless Anabisira Ana Awo



Tikamadutsa m'midzi ya kuno pa sitima, n'kumaona minda yobiriwira ndi nkhosa zonenepa, timaganiza kuti anthu a kuno njala sanaionepo. Mwezi uno tiyeni tikambe za banja lina la alimi, banja la a Loveless la m'mudzi wa Tolpuddle ku Dorset, chifukwa mbiri yawo ikutifunsa funso ife makolo.

George Loveless anabadwa mu 1797. Munda wakewake analibe. Ankalima m'minda ya eni malo, ndipo Lamulungu ankalalikira mu mpingo wa Methodist, monganso mng'ono wake James. Mlongo wawo Diana anakwatiwa ndi Thomas Standfield, ndipo mwana wawo wina anali John.

Cha m'ma 1830, wogwira ntchito m'munda ku Tolpuddle ankalandira masheleni 9 pa sabata. Eni minda anatsitsa malipirowo kufika pa 8, kenaka 7, ndipo kunamveka kuti afika pa 6. Poti mutu umodzi susenza denga, mu 1833 George ndi anzake anayambitsa bungwe la antchito a m'minda. Ankakumana m'nyumba ya mlamu wake Thomas, ndipo aliyense wolowa ankalumbira kusunga chinsinsi. Bungwe lotere silinali loletsedwa, koma woweruza wa m'deralo, James Frampton, amenenso anali mwini malo, anawakola ndi lamulo la mu 1797 loletsa malumbiro achinsinsi, lomwe boma linapanga asilikali a pamadzi ataukira.

Pa 24 February 1834 anthu 6 anamangidwa: George, James, Thomas, John, ndi anzawo awiri, James Brine ndi James Hammett. Bwalo la ku Dorchester linagamula kuti akagwire ukaidi zaka 7 ku Australia. Taganizani, amuna anayi a banja limodzi kuchoka tsiku limodzi, akazi ndi ana n'kutsala opanda wowadyetsa. George anamupititsa ku chilumba chimene lero timati Tasmania, enawo ku New South Wales.

Anthu sanakhale chete. Mu April 1834 chikhamu cha anthu chinachita zionetsero ku London, ndipo anthu pafupifupi 800,000 anasaina chikalata chodandaula. Mu 1836 boma linawakhululukira. George anafika kwawo mu 1837, anayi mu 1838, ndipo Hammett mu 1839.

Owafunira zabwino anasonkha ndalama n'kuwapezera minda yalendi ku Essex, cha ku Greensted. Kumeneko, mu 1839, James Brine anakwatira Elizabeth, mwana wa Thomas Standfield, motero mnzawo wa kundende anasanduka mkamwini. Koma mtendere sanaupeze. Eni malo ndi m'busa wa tchalitchi cha m'deralo ankawaona ngati akaidi obwera kudzasokoneza anthu. Mu 1844 George anasamukira ku Canada, ndipo m'zaka zomwezo mabanja onse asanu anakakhazikika pafupi ndi mzinda wa London wa ku Ontario. George anapeza munda wakewake, namwalira komweko mu 1874. Mphwake John anadzakhala ndi sitolo ndi hotela. Hammett yekha ndiye anabwerera ku Tolpuddle, ndipo anamwalira mu 1891 m'nyumba yosungira osauka ku Dorchester.

Tsopano nayi nkhani imene yatichititsa kulemba. Atafika ku Canada, mabanjawa anapangana kuti za ukaidi wa ku Australia asauze munthu. Ana obadwira kumeneko anakula osadziwa kuti makolo awo anayendapo ndi unyolo, kapena chifukwa chake. Chimene makolo ankachiona ngati manyazi ndi chimene lero dziko likuchilemekeza: mu 1934 bungwe la TUC linamanga nyumba 6 ku Tolpuddle zowakumbukira, ndipo mwezi wa July anthu amasonkhana m'mudzimo kuchita mwambo wa chikumbutso.

Sitikuwadzudzula. Ife amene tinachoka kwathu tikuwamvetsa bwino. Alipo pakati pathu amene kwathu anali aphunzitsi kapena akalaliki, kuno n'kuyamba ndi kusambitsa okalamba usiku wonse. Alipo amene anavutika zaka zambiri ndi nkhani ya mapepala. Alipo amene anachoka kwathu pothawa ndale, ngongole kapena mkangano wa pachibale. Zonsezi timazikwirira kuti ana akule opanda katundu pamutu. Mwana akafunsa chimene tinabwerera kuno, timangoti, "Tinabwerera sukulu yako, kadye."

Koma pali kusiyana kumodzi. Mbiri ya a Loveless inatheka kufukulidwa chifukwa kuno zinthu zimalembedwa. Matchalitchi analamulidwa kulemba za ubatizo, maukwati ndi maliro kuyambira mu 1538, boma linayamba kalembera wa obadwa ndi omwalira mu 1837, ndipo mabuku a makhoti amasungidwa. Mdzukulu akafuna, amakapeza. Kwathu agogo athu ambiri analibe ngakhale chikalata cha kubadwa. Kaundula wathu ndi pakamwa pa akuluakulu. Ndi angati mwa ife amene timangomva kuti agogo ena anapita ku Joni pa Wenela kapena ku Salisbury n'kusanduka matchona, koma dzina la mgodi kapena malo a manda palibe akuwadziwa? Ife tikabisa, palibe buku limene lidzaululire adzukulu athu.

Choncho pempho lathu ndi ili. Sabata ino tikamaimba foni kumudzi, tisathere pa za feteleza ndi fizi. Tifunse agogo mfunda wathu, mudzi, dzina la mfumu, ndi kumene makolo anachokera asanafike pamenepo. Tilembe m'kope. Kenaka tikhale pansi ndi ana, tiwauze ndi zathu zomwe, zokoma ndi zowawa, malinga ndi msinkhu wawo. Inu ophunzira, pa holide kafikeni ku Tolpuddle, kufupi ndi Dorchester, mukaone nyumba yosungiramo mbiriyi, ndipo pobwerako mudzafunse makolo anu mafunso.

Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma agonera bwanji ngati sananenedwe?

Tsalani bwino, tidzachezanso mwezi wamawa.