Mafuta Odzozera Pasipoti Sakupatsani Visa

Abale anga, lero ndikhumudwitsa ena, koma ndiyankhula basi.

Mwezi watha mayi wina wa mumpingo mwathu anabwera kunyumba kwanga akulira. Anagulitsa puloti kuti mwana wake apite ku UK kukasamalira okalamba. Ndalama zambiri anatumiza kwa ejenti wa pa WhatsApp, zotsala anakapereka kwa mneneri wina kuti adzoze pasipoti. Lero ejenti foni sakuyankha. Mneneri uja akuti mayiyo chikhulupiriro chinamuchepera. Bodza lenileni!

Mvetserani bwino. Kuyambira pa 22 July 2025, boma la Britain linatseka khomo lotenga anthu kunja kuti akagwire ntchito yosamalira okalamba. Ndiye amene akukulonjezani ntchito imeneyo muli kuno, akukugulitsani mphepo.

Ngakhale pa ntchito zina zimene khomo lidakali lotseguka, visa imayenda ndi bwana. Kampani iyenera kukhala ndi laisensi yochokera ku Home Office, ndipo ndi iyo imakupatsani Certificate of Sponsorship. Imeneyi ndi nambala ya pa kompyuta, ndipo bwana saloledwa kukulipiritsani. Tsono mamiliyoni akufunawo ndi a chiyani?

Chinanso samakuuzani. Chilolezo chanu chokhalira kumeneko chimamangiriridwa pa bwanayo. Iye akalandidwa laisensi, inu mumapatsidwa masiku 60 kuti mupeze bwana wina wa laisensi, apo ayi mulongedze.

Ena amati, "Ingolowani ngati mlendo, zina zikaoneka konko." Eti zikaoneka konko! Visa ya mlendo ndi ya miyezi 6, simuloledwa kugwira ntchito, ndipo simungaisinthe kukhala ya ntchito muli komweko. Masiku akapitirira, ntchito ya pamalamulo palibe, ndipo ku England ngakhale mwini nyumba amayenera kuona mapepala anu asanakupatseni kiyi. Muzidzagona pa mpando kwa mnzanu, kwanu akudikira ndalama, inu manyazi obwerera.

Azibusa anzanga, tiope Mulungu. Ine ndimapempherera a paulendo, ndipo sindisiya. Koma kulandira envelopu ya mayi wamasiye n’kumuuza kuti visa yatuluka kale mu uzimu, pamene simunawerenge lamulo ngakhale limodzi, kumeneko ndi kuba. Mukwiye, musakwiye.

Inu amene mukufuna kupita, sindikukuletsani. Musanagulitse munda, lowani pa gov.uk. Pali mndandanda wa makampani onse a laisensi, kuona kwake ndi kwaulere. Dzina la kampani yanu likasowapo, gwirani thumba lanu. Ngati Chingerezi chikuvuta, pezani mwana wa sukulu akuwerengereni. Safunsa anadya phula.

Mayi uja pano akuchita lendi, moyang’anizana ndi puloti yomwe inali yake. Tumizani uthengawu kwa m’bale wanu amene akusonkhanitsa ndalama za ejenti, asanazitumize.

Ambuye akudalitseni.