Mbale yosonkhera yalowa m'foni, nanga wolengeza ndani?

Pamaliro kwa Kasumbu, kwa Kaphuka kapena ku Bembeke m'boma la Dedza, mwambo sutha asanaimirire munthu wa kope m'manja. Iye amawerenga mokweza: mudzi wakuti wabweretsa ufa, mpingo wapereka zakuti, akuchimuna agula bokosi. Akatero amanena zomwe zagwira ntchito ndi zomwe zatsala. Aliyense amabwerera kwawo akudziwa komwe chipepeso chake chapita.

Masiku ano mbale yosonkhera ija yalowa m'foni. Mwana akadwala matenda ofuna ndalama zambiri, denga la sukulu likasasuka ndi mphepo, kapena thupi likafunika kuchoka ku Joni, uthenga umafalitsidwa pa WhatsApp ndi Facebook pamodzi ndi nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba. Ana a ku Dedza omwe ali ku Lilongwe, ku Blantyre ndi kunja amasonkha tsiku lomwelo osakwera basi.

Ubwino wa njirayi Amalawi adauona mu Januwale 2021 pomwe matenda a Covid-19 adafika posauzana. Pa 12 mwezi umenewo nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi. M'zipatala odwala amabanika kaamba kosowa zipangizo zoperekera mpweya.

Apa mpomwe mlembi wina wodziwika, a Onjezani Kenani, adapempha anthu kudzera pa Facebook kuti asonkhe. Olemera ndi osauka omwe adaponya kangachepe, ndipo ndalama zidakwana mamiliyoni ambiri zomwe zidagula masilinda a mpweya ndi zipangizo zina za m'zipatala.

Chidakopa anthu sichidali Facebook payokha ayi. A Kenani ndi anzawo ankaonetsa poyera ndalama zomwe zalowa kubanki komanso zomwe agula. Kunena mwachidule, ankachita zomwe amachita munthu wa kope uja pamaliro.

Nyengo yomweyo kudabuka nkhani ya K6.2 biliyoni ya boma yolimbanirana ndi matendawa. Kafukufuku adapeza kuti ina mwa ndalamayo idasokonekera, ndipo mu Epulo 2021 mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, a Lazarus Chakwera, adachotsa nduna ya zantchito, a Ken Kandodo. Anthu adaona okha kusiyana kwa thumba lowerengedwa poyera ndi thumba lotsekeredwa mu ofesi.

Phunziro limeneli likukhudza magulu a ku Dedza omwe amakumana kuti athandize ovutika, kaya ndi amayi a mvano, makomiti a sukulu kapena ogulitsa mbatata ya kachewere pa Chimbiya. Ambiri akakumana amafunsana momwe angafalitsire uthenga kuti ufike patali. Koma funso loyamba liyenera kukhala lakuti, ndalama ifikira m'foni ya yani, ndipo alengeze ndani?

Vuto ndi lakuti pamaliro wosunga mbale amakhala pamaso pa nyakwawa ndi khamu lonse, pomwe ndalama ya m'foni imalowa mwakachetechete, ngakhale pakati pa usiku, ndipo amaiona ndi mwini foni yekha. Ngakhale munthu wokhulupirika angathe kukayikiridwa akalephera kufotokoza ndalama yomwe kampani yadula potapa. Ubale wambiri watha chifukwa cha zotere.

Palinso akamberembere omwe amatenga chithunzi cha wodwala weniweni nkuikapo nambala yawo. Chiyambire 2018 nambala iliyonse ya foni imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso, choncho wopereka ali ndi mwayi wofunsa dzina la mwini nambala ndi ubale wake ndi wovutikayo asanatumize. Kuimbira mfumu, m'busa kapena mphunzitsi wamkulu wa kuderalo nkotchipa kusiyana ndi kutaya ndalama ya ndiwo.

Gulu lofuna kuti anthu alikhulupirire lisankhe anthu osachepera atatu oyang'anira thumba, linene ndalama yomwe ikufunika ndi tsiku lotseka, ndipo madzulo aliwonse lilembe zomwe zalowa. Likagula katundu lionetse malisiti. Chithunzi cha wodwala, makamaka mwana, chisafalitsidwe eni ake asanavomere, pakuti umphawi suchotsa ulemu wa munthu.

Komabe foni siingafike paliponse. Gogo wa kumapiri kwa Chilikumwendo yemwe alibe mdzukulu wodziwa kujambula ndi kulemba pa intaneti, mavuto ake sadziwika. Thandizo la m'foni limathamangira nkhani yomvetsa chisoni kwambiri, osati wosowetsetsa. Nchifukwa chake mipingo, mafumu ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma akadali ndi ntchito yofufuza osamvekawo.

Akuluakulu adati kupatsa nkuika. Koma munthu amaika pomwe akuona kuti mbewu yake siidyedwa ndi chiswe. Magulu omwe asamutsire kope lija m'foni adzapeza anthu akusonkhanso mawa.