Tikamaoloka malire, azipita ndani?

Chiyambire Disembala 2022, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema ndi Pulezidenti Lazarus Chakwera anatsegula chipata chophatikiza cha Mwami ndi Mchinji, kuolokera ku Malawi kwapepuka. Magulu a alimi akamakonza maulendo okaona za anzathu a kumeneko, ife timakondwera. Chotidetsa nkhawa ndi anthu amene amasankhidwa kukwera basiyo. Kawirikawiri amakhala wapampando, mlembi ndi msungichuma, ndipo pobwerera amangonyamula zitenje ndi zithunzi za pafoni, ndalama za gulu zitatha.

Ife tikuti azipita amene manja awo amagwira ntchitoyo. Ngati cholinga chili kukaona makina osendera nshawa, imene anzathuwo amati mtedza, pa ulendowo pasasowe mmisiri wowotcherera zitsulo, atatenga tepi ndi kope, ndiponso mayi amene amasenda nshawa chaka ndi chaka. Mmisiriyo adzayeza mabowo a sefa, adzafunsa kumene chitsulo chinagulidwa ndi chimene chimayamba kutha. Mayiyo adzatapa nshawa zotuluka m'makinamo n'kuwerenga zosweka, pakuti akudziwa kuti njere yosweka imachita chuku msanga ndipo wogula amaitsitsa mtengo. Sefa yoyenera nshawa zazing'ono idzaphwanya Chalimbana wa njere zikuluzikulu. Zotere wapampando sangazione ataima chapatali, ngakhale akhale wanzeru chotani.

Tisapitenso chimanjamanja. Ripa ya Magoye, yong'amba mizere popanda kutembenuza dothi lonse, ndi khasu la Chaka lokumbira maenje obzalamo, ndi zida zimene mlimi wa kuno angazifotokoze bwino. Munthu amene mwamuonetsa chida chanu savuta kutsegula chake kuti muone m'kati.

Pali chinthu chimodzi chimene sitifuna kuchiona m'chikwama cha wobwerera: mbewu kapena mitengo ya chinangwa yopanda chilolezo cha a zaulimi. Matenda a mbewu amayenda m'njira yomweyo, ndipo munda woyamba kuwalandira ndi wa mwini chikwamayo. Mbewu ili ndi njira yake. Nshawa imene kuno timaitcha MGV 4, ku Malawi amaitcha CG 7. Ndi mbewu imodzi, imene akatswiri a kafukufuku anaiyesa m'maiko onse awiri isanafike kwa alimi. Wofuna mbewu yatsopano ayambe wafunsa ku Msekera.

Gulu lisanatulutse ndalama, ligwirizane funso lenileni limene likutumiza anthuwo, ndi tsiku limene adzaonetse zimene aphunzira, chidacho chikugwira ntchito pamaso pa onse. Ndipo ngati alipo oganiza zogulitsa katundu kutsidyako, aime pa Mwami afunse za ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono, adziwe katundu amene ali pa mndandanda wake asanapakire thumba ngakhale limodzi.