Nkhanza za m'banja m'maso mwa wozichita

Mwamuna amene wamenya mkazi wake akaitanidwa kwa ankhoswe kapena ku nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa, ya Victim Support Unit, kawirikawiri amakamba nkhaniyo ngati ngozi imene inamugwera iye mwini: mtima unamupsa, mowa unamuzunguza mutu, kapena mkaziyo anamuputa ndi pakamwa. Ife tikuona kuti mawu otere ndi ofunika kuwamvetsera bwino, chifukwa amaulula momwe wankhanza amadzikhululukira yekha asanakweze n'komwe dzanja.

Katswiri wa zamaganizo wa ku America, Lenore Walker, anafotokoza mu 1979 kuti nkhanza za m'banja zimabwerezabwereza m'magawo atatu, omwe ndi kukula kwa mkwiyo, kumenya kwenikweniko, ndi nyengo yopepesa. Iye anatengera zimenezi pa umboni wa amayi omenyedwa, koma kumbali ya womenyayo gawo loyamba ndi limene lili ndi zambiri, pakuti ndi pamene amasonkhanitsa milandu mumtima: nsima yochedwa, foni yolira usiku, ndalama ya geni imene sanaionetsedwe. Chilichonse mwa izi amachitcha mwano, ndipo pamene tsiku lomenya likufika amakhala ataweruza kale kuti wolakwiridwa ndi iyeyo, ndipo kuti chimene achite ndi kulanga basi. Maganizowa sali mwa iye yekha. Pa kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16, amuna 13 mwa 100 aliwonse ndi amayi 16 mwa 100 aliwonse anavomereza kuti pali chifukwa chomenyera mkazi, monga kupsereza chakudya kapena kuchoka pakhomo osatsanzika.

Zoti analephera kudzigwira ndi zimene ife sitikuzivomereza. Munthu yemweyo sakweza dzanja kwa bwana wake kuntchito ngakhale atamunyoza pagulu, amadikira kuti chitseko chitsekedwe, ndipo amaleka msanga woyandikana naye nyumba akagogoda. Amene anayambitsa ntchito yosintha khalidwe la amuna ankhanza mumzinda wa Duluth ku Minnesota, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anamanga maphunziro awo pa mfundo yomweyi, yakuti chibakera ndi chida chimodzi chabe pakati pa zida zambiri zolamulira mnzake, pamodzi ndi kuopseza, kumumana ndalama ndi kumuletsa kucheza ndi abale ake.

Kukacha nkhani imachepa. Kumenya kuja kumasanduka "ndinangomukankha", chitenje chatsopano chimafika pakhomo, ndipo ankhoswe, pofuna kupulumutsa ukwati, amakumbutsa mkaziyo kuti banja ndi kupirira. Chisoni cha mwamunayo chikhoza kukhala chenicheni, koma chimene waphunzirapo ndi chakuti mlandu umatha ndi kupepesa, ndipo n'zomwezo zimachitika m'mabanja amene wankhanza ndi mkazi.

Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa khoti mphamvu yoletsa wankhanza kuyandikira wozunzidwa, ngakhalenso kumutulutsa m'nyumba, komabe madandaulo ambiri amachotsedwa ndi odandaula eni ake panyengo yopepesa ija, makamaka pamene womenyayo ndi amene amadyetsa banja. Tikupempha ankhoswe, atsogoleri a mipingo ndi apolisi kuti asamayambe ndi kufunsa chimene mkazi analakwa, koma afunse mwamunayo kuti aka n'kachingati, ndipo ankafuna kuti mkazi wake aleke kapena ayambe kuchita chiyani pamene ankamumenya.