NZERU ZA MAKONO: Mandala Osema ndi Kuwala

Mandala amene okalamba amawerengera kalata amacita kuwapala kuti akhale ndi msana. Tsono alipo ena opyapyala, osapala konse. Akatswiri amagawa pawiri kuwala kwa makina ochedwa laser, nakukumanitsanso pa galasi lopakidwa mankhwala onga a filimu. Pokumanapo pamatsala timizere tosaoneka ndi maso, ndipo timeneti nditimene timakhotetsa kuwala kuti kusonkhane pamodzi. Nchitoyi ifuna bata lalikuru: galimoto ikangogwedeza nyumba pang'ono cabe, galasi laonongeka.

Nzeru imeneyi, yochedwa holography, anaitulukira Dennis Gabor ku England mu 1947, koma kuwala koyenera kunasowa kufikira laser inapangidwa mu 1960. Mphotho ya Nobel anailandira mu 1971. Lero oyendetsa ndege zina amawerenga liwiro pa magalasi otere, maso ali kutsogolo.