Mlendo wa phiri la Mulanje azigonako ku Muloza

Mu July 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje m'kaundula wa malo amtengo wapatali padziko lonse. Chimene ambiri sachitchula n'chakuti phirili silidalowe m'kaundulamo chifukwa cha kutalika kwa nsonga yake ya Sapitwa, mamita 3,002 aja. Lidalowa chifukwa cha chikhalidwe: mmene Amang'anja, Ayao ndi Alomwe akhala akulilemekezera ngati malo a mizimu ya makolo awo. Komabe ulendo umene timagulitsa kwa alendo ndi wa miyala yokhayokha. Mlendo amatera ku Chileka, amagona ku Blantyre, m'mawa galimoto imamuthamangitsira ku Likhubula, amakwera ndi womuperekeza ndi omunyamulira katundu, amagona pa Chambe kapena pa Chisepo, akatsika n'kulunjika kunyanja. Eni phiri amangowaonera pawindo la galimoto. Khonsolo ya Mulanje ndi akuluakulu oona za alendo ayenera kusintha zimenezi, ndipo poyambira pabwino ndi ku Muloza, makilomita pafupifupi 30 kum'mawa kwa boma, komwe msewu wa M2 umathera pa malire ndi Mozambique.

Wina aseka n'kufunsa kuti ku Muloza mlendo akaonako chiyani. Funsolo likuchokera ku maganizo akuti chokopa alendo ndi mathithi, nyama zakutchire ndi mchenga basi. Ku Muloza kuli mtsinje wa Muloza, womwe udagawa mayiko awiri koma sudagawe anthu: tsidya lino ndi tsidya la Milange ku Mozambique kuli mabanja amodzi, Chilomwe ndi Chichewa zimamveka mbali zonse, makwacha ndi mametikali amasinthana manja tsiku lililonse. Kuli anyamata a njinga amene kwa zaka zambiri akhala akuolotsa matumba a chimanga kuchokera ku Mozambique, chimanga chimene chimapulumutsa mabanja a m'chigawo chakumwera chaka cha njala. Kuli msika wa Limbuli, minda ya tiyi ya Lujeri ndi ya Eastern Produce, ndi alimi ang'onoang'ono a tiyi monga a m'bungwe la Sukambizi. Tiyi wa ku Mulanje adayamba kulimidwa ngati malonda mu 1891 pomwe Henry Brown adamubzala ku Thornwood, ndipo amene adamukulitsa ndi thukuta ndi Alomwe ochokera tsidya lomwelo, ambiri mwa iwo pansi pa thangata. Munthu amene amamwa tiyi wa ku Malawi ku London sangaimve mbiri imeneyi ali pamwamba pa Sapitwa. Angaimve kwa gogo amene makolo ake adathyola tiyiyo, ndipo gogo sakamba za thangata kwa munthu woima mphindi khumi injini ili chilirire. Pamafunika masiku.

Nkhani ya ndalama ndiyo yosavuta kuitsata. Mlendo wothamanga amalipiriratu zonse ku kampani imodzi ya mumzinda kapena yakunja, ndipo chimene chimagwera m'mudzi ndi malipiro a womuperekeza ndi onyamula katundu. Mlendo wokhala sabata pamalo amodzi amawononga zochepa pa tsiku, zoona, koma ndalama yakeyo imamwazikana: ya chipinda ku resitihausi, ya kabaza, ya chinanazi ndi nthochi, ya nsima m'lesitilanti, ya telala, ya wochapa zovala. Mayiko ena adazindikira kale zimenezi. Ku Italy matauni ang'onoang'ono adayambitsa gulu la Cittaslow mu 1999 pofuna kuteteza moyo wawo wosathamanga, ndipo ku India matauni a m'mphepete mwa nyanja monga Gokarna ndi Varkala amalandira alendo okhala masabata, odya m'timalo ta eni dera. Kwathu konkuno mudzi wa Chembe ku Cape Maclear udakula ndi alendo otere. Dera limene namondwe Freddy adalisakaza mu March 2023 silingakane ndalama yofika m'manja ambiri chonchi.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi chakuti tikhala tikusandutsa umphawi wa anthu kukhala chionetsero. Mantha amenewa ndi oyenera, ndipo ku Chembe komweko anthu amadandaula za ana ozolowera kupempha ndi achinyamata osiya sukulu kuti azilondola alendo. Koma tiyang'anitsitse kuti ndi mlendo uti amene amachita chipongwe chimenechi. Wojambula mayi wothyola tiyi osamupempha ndi uja wodutsa, amene sadzaonananso naye. Wokhala sabata mawa akumana ndi mayi yemweyo pamsika, choncho amaphunzira kupereka moni, kufunsa chilolezo ndi kuvala zoyenera. Mlendo akachedwa amagwa m'manja mwa mwambo wa eni mudzi, ndipo mfumu imatha kumudzudzula. Choopsa chenicheni chili pa amene akulamulira ulendowo. Ngati kampani yakunja ndiyo ikusankha nyumba yoti mlendo alowe ndi gule woti aone, anthu asanduka katundu. Ngati eni ake ndiwo akuika mtengo ndi malire, akunena kuti tchopa, gule amene UNESCO idamuzindikira mu 2014, amavinidwa liti ndipo malo ati a nsembe ndi osafikako mlendo, ndiye kuti akuchita malonda ngati wina aliyense.

Ena akuti ku malire kulibe malo ogona abwino ndipo kumachuluka akathyali. Mlendo wa mtundu uwu safuna hotela ya nyenyezi zisanu. Amafuna chipinda chaukhondo, neti, madzi otetezeka, chimbudzi chabwino ndi chitseko chokhoma, zinthu zimene mwini resitihausi angazikwanitse ndi kangongole kochepa. Za osintha ndalama achinyengo, amabera Amalawi ndi a ku Mozambique omwe tsiku ndi tsiku, ndipo kuwathetsa ndi ntchito imene apolisi ayenera kuigwira kale, alendo abwere asabwere.

Zofunika sizidya mabiliyoni. Khonsolo ya Mulanje iyendere malo ogona a ku Muloza ndi Limbuli n'kutulutsa mndandanda wa amene akukwanitsa ukhondo. Ikambirane ndi mafumu za malamulo a kujambula ndi malo oletsedwa. Achinyamata a m'deralo odziwa Chilomwe ndi Chipwitikizi aphunzitsidwe n'kupatsidwa ziphaso zoperekeza alendo, monga anzawo a ku Likhubula, ndipo eni minda ya tiyi alole njira zoyenda pansi ndi panjinga. Makhansala a kum'mawa kwa Mulanje aike nkhaniyi pa msonkhano wa khonsolo bajeti ya chaka chamawa isanadutse.