Ngozi za Galimoto Zoitanidwa pa Lamya: Amalawi a ku Joni Adziwe Lamulo

Kuchokera m'chaka cha 2013, pamene kampani ya Uber inayamba ntchito zake mu mzinda wa Johannesburg, kayendedwe ka anthu m'mizinda ya ku South Africa kasintha kwambiri. Pambuyo pake kunadza kampani ya Taxify, imene mu 2019 inasintha dzina nkukhala Bolt. Munthu wapaulendo saimanso pamseu kukweza dzanja ngati wofuna matola. Angodina lamya yake ya m'manja, galimoto nkumupeza pakhomo. Amalawi ambiri okhala ku Joni alowa nawo m'zimenezi. Ena ndi okwera, ena ndi oyendetsa, ndipo anyamata ochuluka amayenda panjinga zamoto kuperekera anthu chakudya m'makomo. Ndalama zimene amapeza zimafika mpaka ku Mzimba, ku Nkhata Bay ndi ku Mangochi, kumene zimagula feteleza ndi kulipira fizi ya ana.

Zonsezi nzabwino kufikira tsiku la ngozi. Tsikulo pamabuka funso limene ambiri saliganizira pokwera: kodi wovulala alipiridwa ndi yani? Kawirikawiri woyendetsa si mwini galimoto, amangoibwereka nkumalipira pa sabata. Mwini galimoto amaloza kampani ya inshuwalansi, ndipo kampaniyo imayankha kuti inshuwalansi wamba sikhudza galimoto yonyamula anthu olipira. Nayo kampani ya pa lamya ija imati iyo ndi mkhalapakati chabe, wongokumanitsa wapaulendo ndi woyendetsa. Onsewa akulozana zala chotero, wovulala ali gone m'chipatala, ndipo abale ake kumudzi akusonkha ndalama zimene alibe.

Mkangano umenewu sunayambire ku South Africa ai. Pa 31 December 2013, mu mzinda wa San Francisco kumene Uber inabadwira, woyendetsa wina anagunda ndi kupha mtsikana wa zaka 6 pamalo owolokera mseu. Woyendetsayo anali atatsegula lamya yake kudikira ntchito, koma m'galimoto munalibe wokwera, ndipo pa chifukwa chimenechi kampani inakana kuti mlanduwo ukuikhudza. Anthu anakwiya. Mu 2014 boma la California linakhazikitsa lamulo, limene linayamba kugwira ntchito mu July 2015, lakuti kuyambira pamene woyendetsa wavomera ulendo mpaka wokwera atatsika pakhale inshuwalansi ya $1 miliyoni, ndiponso kuti pa nthawi yongodikira ntchito pakhale inshuwalansi yocheperapo, ya $50,000 pa munthu mmodzi. Ku Britain, mu February 2021, bwalo lalikulu koposa la milandu linagamula kuti oyendetsa a Uber ali ndi ufulu wa anthu ogwira ntchito, pakuti kampani ndiyo imaika mtengo ndi kulamula kagwiridwe kao. Ku South Africa zinayenda mosiyana: mu January 2018 bwalo loona za ntchito linapeza kuti nthambi ya Uber ya m'dzikomo sindiyo inalemba oyendetsawo ntchito, popeza pangano lao linali ndi kampani ya ku Netherlands. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo nkovuta kumvetsa kuti wolandira gawo la ndalama pa ulendo uliwonse asowe pa tsiku la maliro lokha.

Komabe Mmalawi wovulala pamseu ku South Africa sali yekha monga ambiri amaganizira. Dzikolo lili ndi thumba la boma lotchedwa Road Accident Fund, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1996, ndipo ndalama zake zimachokera ku msonkho wa pa mafuta a galimoto, umene mu 2021 unafika pa R2.18 pa lita iliyonse. Aliyense wothira petulo kapena dizilo amaponyamo, kaya ndi nzika kaya ndi mlendo. Thumbali limalipira ndalama za kuchipatala, malipiro amene munthu wataya chifukwa cholephera kugwira ntchito, zoyendetsera maliro, ndi chithandizo cha mkazi ndi ana amene ankadalira womwalirayo. Chipepeso cha ululu ndi kulumala chimaperekedwa kwa yekhayo amene madokotala atsimikiza kuti wavulala koopsa. Kuwonongeka kwa galimoto, njinga kapena katundu thumbali silikhudza konse, ndipo woyendetsa amene wagwa yekha chifukwa cha kusasamala kwake salandira kanthu.

Wokwera ndiye ali ndi mwai woposa onse, pakuti kwa iye nkokwanira kusonyeza kuti woyendetsa wina aliyense, ngakhale wa galimoto imene anakwerayo, analakwa ngakhale pang'ono pokha. Kale wokwera wovulazidwa ndi woyendetsa wake yemwe ankalandira ndalama zosapitirira R25,000, koma malire amenewa anachotsedwa mu August 2008. Kusintha komweko kunachotsanso ufulu wosumira mwachindunji woyendetsa wolakwayo pa nkhani ya kuvulala. Tanthauzo lake nlakuti thumba la bomali ndilo khomo lenileni, ndipo wophonya khomo limeneli waphonya pafupifupi zonse. Nzoona kuti makampani a pa lamya amalengeza inshuwalansi zao zothandiza okwera ndi oyendetsa, koma izi zimagwira ntchito pa ulendo wolembedwa m'lamya basi. Wopangana ndi woyendetsa kuti azimitse lamya nkulipirana pambali, pofuna kupulumutsa marandi ochepa, wadzichotsa yekha m'kaundula.

Nanga mlendo wopanda chiphaso chokhalira m'dzikomo? Apa ndipo pagona nkhani kwa Amalawi ambiri. Mu 2022 akuluakulu a thumbali analamula kuti mlendo wofuna chipepeso aziyamba wasonyeza kuti anali m'dzikomo mwalamulo pa tsiku la ngozi. Mu March 2024 bwalo lalikulu la ku Pretoria linathetsa lamulo limenelo, ponena kuti lamulo la 1996 likunena za munthu aliyense wovulala ndipo silisankha mtundu. Chigamulo chimenechi chinali cholungama, chifukwa galimoto ikamagunda munthu siyamba yamufunsa pasipoti. Koma pasakhale wodzinamiza kuti nkhondo inatha, pakuti mu 2023 boma la dzikolo linali litatulutsa kale maganizo osintha lamulo kuti alendo asamapindule ndi thumbali. Nalonso thumbalo lakhala likulemedwa ndi ngongole ndi kuchedwa kulipira, mpaka mu July 2025 nduna ya za mtengatenga, Mai Barbara Creecy, inathetsa bungwe loliyang'anira. Wopempha chipepeso akonzekere kudikira.

Choopsa china chili pakati pa Amalawi eni ake. Pali chizolowezi chobwereka akaunti ya munthu wina kuti mnyamata wopanda mapepala apeze poyambira. Njala ndiyo imachititsa zimenezi, ndipo palibe angaseke mnzake wofuna kudyetsa banja. Koma ngozi ikachitika, dzina la m'lamya limakhala lina, wogona m'chipatala nkukhala wina. Pamenepo inshuwalansi imapeza pothawira, mwini akaunti amadzibisa, ndipo woyendetsa, poopa kugwidwa, amathawa pamalo a ngozi kapena kutchula dzina labodza kuchipatala. Dzina labodza lolembedwa usiku umodzi wa mantha likhoza kumana ana amasiye chithandizo cha moyo wao wonse. Kuyambira mu September 2025, pamene lamulo latsopano la za mtengatenga linayamba kugwira ntchito, galimoto zoterezi zikuyenera kukhala ndi chilolezo, chizindikiro chooneka ndi batani loitanira thandizo. Malo obisalamo akunka nachepa.

Lamulo la pamseu la dzikolo likuti ngozi imene munthu wavulala kapena kufa ikanenedwe kupolisi pasanathe maola 24. Nambala ya lipoti la apolisi, nambala ya galimoto, maina a mboni, makalata a kuchipatala ndi chithunzi cha ulendo monga uonekera m'lamya, izi ndizo zimasanduka ndalama pambuyo pake. Wodwala achenjerenso ndi anthu ozungulira m'zipatala ndi mapepala oti asaine, amene amalonjeza mamiliyoni asanaone ndi bala lomwe. Lamulo la 1997 silimulola loya wogwira ntchito mwa pangano lolandira akapambana kutenga zoposa 25 pa 100 iliyonse ya chipepeso, ndipo munthu ali ndi ufulu wopita yekha ku thumbali popanda loya.

Dziko lino linaphunzira kale kuwawa kwa kutaya ana ake pa njira ya ku Joni. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown nkupha Amalawi 74 ochokera kumigodi, ndipo malemu Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda analetsa pomwepo kulemba anthu opita kumigodiko. Ntchito ya Teba itatha mu 1988, nkhalamba zambiri zinatha zaka zikuyendera ndalama zao, ena mapepala atatayika, ena maina atalembedwa molakwika. Boma lili ndi udindo woonetsetsa kuti zidzukulu zao zisabwereze ulendo womwewo. Ofesi ya kazembe ku Pretoria ndi ofesi ya ku Johannesburg zifalitse nkhaniyi m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao kudzera m'mipingo, m'mizikiti ndi m'mabungwe a maliro, kumene Amalawi amakumana sabata ndi sabata. Atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi mafumu m'midzi athandize amai amasiye kupeza mtchatho wa ukwati ndi makalata a kubadwa kwa ana, pakuti popanda zimenezi nkovuta kutsimikiza kuti ankadalira womwalirayo.

Kuno kumudzi, lamulo la pamseu la 1997 limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, ndipo limalola wovulala kusumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji. Koma linalembedwa galimoto zoitanidwa pa lamya zisanabadwe, ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo achita bwino kuliunikanso ntchitoyi isanakule m'Lilongwe ndi m'Blantyre. Kwa mabanja amene ngozi inawagwera kale ku Joni, chofunika msanga nkuwerenga masiku: pempho liperekedwe ku thumbali pasanathe zaka zitatu chichitikire ngozi, ndipo ngati wogundayo anathawa osadziwika, zakazo ndi ziwiri zokha.